Sabata Imene Seva Inatikana

Ntchito yanga yoyamba ndinaigwira kumpoto, pa kachipatala kena ka m'mbali mwa nyanja, kupitirira Usisya ngati ukulowera ku Ruarwe. Kwathu ndi ku Dedza. Ndinapita kumeneko ngati kalaliki wolowetsa zolemba za odwala mu kompyuta. Sindinali nesi, koma anthu a m'mudzimo ankanditchula kuti Anesi, ndipo ndinatopa n'kuwakonza.

Kompyuta yake inali laputopu yakale, yolemera ngati njerwa ziwiri, imene bungwe lina lothandiza zipatala linasiya ine ndisanafike. Batire lake linafa kalekale, moti ukangosolola chingwe cha ku sola inkazima pomwepo. Munali mayina a anthu onse olandira mankhwala otalikitsa moyo m'dera lathu: dzina, mudzi, tsiku lodzatenga mankhwala. Lolemba lililonse m'mawa ndinkaika foni ya ofesi pawindo pomwe netiweki inkagwirako pang'ono, n'kuilumikiza ku laputopu, n'kudina kachizindikiro kamodzi. Zolemba za sabata yonse zinkapita ku seva, kompyuta yaikulu ya bungwelo ku Lilongwe. Anandiphunzitsa kuti njira yomwe zimadutsa ndi yotseka, palibe angasuzumiremo. Zambiri sindinafunse.

M'mayina amenewo munalinso langa. Mankhwalawo ndinayamba kumwa ndili ku koleji. Kumeneko amene ankadziwa anali mkulu wa chipatala chathu yekha, bambo wa ku Mzimba amene tonse tinkangowatchula kuti Adokotala.

Lamlungu ndinkaimba kwaya. Ndinalowamo chifukwa cha kusungulumwa, poti Chitonga ndinkachimva mwapatalipatali ndipo nyimbo ndi zomwe zinandipezera anzanga. Wotsogolera kwayayo anali mphunzitsi wa sitandade seveni pasukulu ya pafupi, mwana wa m'mudzi momwemo, bambo wamtali wokonda kuseka. Loweruka lina anafika kuchipatala ali ndi fulashi m'thumba la malaya. Anati anzawo a ku Bandawe awapatsa nyimbo zatsopano ndipo akufuna kuzisamutsira m'foni. Lamulo ndinkalidziwa: mu laputopu ya odwala salowetsamo chinthu cha munthu. Koma Adokotala anali atapita ku boma ku maphunziro a masabata awiri, ndipo ndinati n'zamphindi zisanu. Ali mkati mokopera, mayi wina anafika ndi mwana wotentha thupi, nesi wathu n'kundiitana kuti ndikawapezere khadi la mwanayo. Aphunzitsi ndinawasiya okha ndi laputopu yotsegula. Pobwerera ndinawapeza atamaliza, akung'ung'udza nyimbo. Anathokoza m'Chitonga kuti, "Yewu, Anesi," n'kumapita.

Lolemba ndinadina kachizindikiro kaja monga mwa masiku onse. Kawindo kakuda komwe kankangothamangitsa timizere n'kudzitseka kokha, tsikulo kanaima. Panatuluka mawu a zilembo zikuluzikulu. Chingerezi ndimachidziwa, koma ndinawerenga katatu. Ankati kompyuta ya kutsidya yasintha chizindikiro chake, ndipo n'kutheka kuti pali munthu amene walowa pakati pa ine ndi sevayo, akumvetsera zonse zomwe ndikutumiza. Pansi pake ankati kulumikizana kwaimitsidwa.

Ndinatseka laputopuyo msanga ngati munthuyo akundiona kudzera pagalasi. Kenaka ndinaitsegulanso. Ndinaizimitsa, n'kuiyatsa, n'kudinanso. Mawu omwewo. Ndinachotsa simu ya ofesi n'kuika yanga ya kampani ina. Omwewo. Ndinayang'ana tsiku ndi nthawi, chifukwa laputopuyo ikazima mwadzidzidzi inkabwerera zaka zam'mbuyo ndipo nthawi ina zinatisokonezapo, koma tsiku linali lolondola. Nesi anasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati zapita. Ndinati netiweki ikuvuta lero.

Kuti uimbe foni yomveka bwino unkayenera kukwera phiri kuseri kwa chipatala, kudutsa minda ya chinangwa mpaka pathanthwe lina. Ndinakwera. Katswiri wa makompyuta wa bungwelo, bambo amene ndinawaonapo kamodzi kokha pa maphunziro, foni yawo inali yozimitsa. Ndinaimba ku ofesi kwawo. Mayi wina anayankha kuti apita ku maliro a malume awo ku Thyolo, abwera Lachinayi.

"Vuto n'chiyani, mwina tikuthandizeni?"

"Ayi, n'zazing'ono," ndinatero. "Ndidikira."

Sindinafune kuti mawu aja atuluke pakamwa panga. Ndikanati ndinene, funso lotsatira likanakhala lakuti ndani wina anagwira laputopuyo.

Potsika phirilo nkhani yonse inali itadzilumikiza yokha m'mutu mwanga. Loweruka munthu walowetsa fulashi. Lolemba kompyuta ikuti pali munthu pakati. Ndinkafunanso umboni wanji? Mwina Aphunzitsi anakopera dala mndandanda wonse. Mwina fulashiyo inali ndi kachilombo ka makompyuta kochokera kwa anthu ena, ndipo mayina athu ali kale m'manja mwa munthu wosadziwika. Ndinayesa kukumbukira kuti ndinawasiya nthawi yaitali bwanji, ndipo nthawi iliyonse yomwe ndinkaganiza, mphindizo zinkatalika.

Lachiwiri linali tsiku lolandira mankhwala. Anthu ankalowa mmodzimmodzi m'kachipinda kanga, ndipo aliyense ndinkamuyang'ana ngati ndamubera. Panabwera mkulu wina wa mpingo amene ankazungulira njira ya kugombe kuti anthu asamuone. Panabwera msodzi wa mitala amene mkazi wake mmodzi yekha ndiye ankadziwa. Panabwera mtsikana amene ukwati wake unali utalengezedwa kale kutchalitchi. Onsewa ankandipatsa makadi awo ndi manja awiri. Ndinkalemba m'kaundula wa pamanja.

Masana ndinapita kumjigo. Amayi atatu anali kucheza m'Chitonga, ndipo nditafika anaseka. Mmodzi anandipatsa moni kuti, "Mwe uli, Anesi?" Ndinayankha. Pakucheza kwawo ndinamvamo liwu lakuti chipatala, ndiponso liwu lina lomwe ndinkaganiza kuti likutanthauza mayina. Ndinatunga theka la ndowa n'kuchoka. Mpaka lero sindidziwa chomwe ankaseka. Kunyumba ndinakhala pamphasa n'kuyamba kuganiza za katundu amene ndinganyamule ndekha ngati nditachoka pa boti la m'mawa osatsanzika. Ndinkaganiza za ntchito, za khoti, koma kwambiri ndinkaganiza za Lamlungu, ndikulowa m'tchalitchi anthu onse akudziwa za ine, ndiponso akudziwa kuti zawo zinatuluka chifukwa cha ine.

Lachitatu ndinalephera kupirira. Ndinadikira kuti ana aweruke, n'kupita kusukulu. Aphunzitsi ndinawapeza okha m'kalasi akuchonga makope. Atandiona anadzuka akumwetulira.

"Anesi, mwabwera bwino. Nyimbo zija n'zokoma, mumve ya chiwiriyo."

"Aphunzitsi, fulashi ija ili kuti?"

"Ili kunyumba. Bwanji?"

"Munatengamo chiyani mu kompyuta muja?"

"Nyimbo basi. Ndinachotsa mu fulashi n'kuika m'foni."

"Musandinamize. Kompyuta yanena kuti munalowa munthu."

Kumwetulira kuja kunatha. Anaika cholembera chofiira patebulo pang'onopang'ono.

"Anesi, ine makompyuta sindiwadziwa kwenikweni. Ndinatsegula pomwe munandionetsa paja. Ngati ndawononga kanthu, ndiuzeni."

Akanakalipa mwina ndikanabwerera. Koma kufatsa kwawoko kunandiopsa kwambiri, ndinaona ngati ndi kufatsa kwa munthu amene akudziwa kanthu ndipo akundimvera chisoni. Misozi inayamba kutsika.

"Ngati mwaona mayina, chonde, musauze munthu. Anthu aja alibe mlandu. Langalo ngati mwaliona, ndilolera, koma mundipatse nthawi ndichoke kaye kuno musanauze akwaya."



"Dzina lanu?" anatero motsitsa mawu. "Pa mndandanda wanji?"

Pomwepo ndinadziwa kuti sanaone chilichonse. Nkhope ya munthu amene akumva chinthu koyamba siisowa. Ndinaima pakati pa mabenchi a ana, nditadziulula ndekha ndi pakamwa panga. Iwo anayang'ana pansi, kenaka pawindo.

"Anesi, ine sindinamve kanthu," anatero. "Fulashi ndikubweretserani mawa muione nokha."

Ndinatuluka osatsanzika.

Lachinayi m'mawa ndinakopera chenjezo lonse lija m'kope, chilembo ndi chilembo, poti laputopu sinkatheka kupita nayo kuphiri. Katswiri uja anayankha foni itangolira kawiri. Mawu awo anali otopa. Ndinawapepesa za maliro, n'kuyamba kuwerenga. Ndisanafike pakati anandidula.

"Aa, inunso? Ndinu a chinayi lero. Achemwali, seva tinasintha Loweruka. Yakale ija inakalamba, tinagula ina. Tinatumiza uthenga ku zipatala zonse."

"Kuno sunafike."

"Tinatumizira akuluakulu a zipatala."

"Adokotala ali ku boma."

Anapumira m'mwamba. Anandifotokozera kuti seva iliyonse ili ndi chizindikiro chake ngati chidindo cha chala, ndipo laputopu yathu inasunga cha seva yakale. Itapeza chachilendo inakana, monga mlonda amene wauzidwa kuti atsegulire munthu mmodzi yekha. Anandiuza kuti ndiwerenge mzere wotsatira m'kope langalo. Ndinawerenga. Unkati n'kuthekanso kuti chizindikirocho changosinthidwa ndi eni ake. Mzere umenewo ndinaukopera ndi dzanja langa, ndinali nditauyang'ana masiku atatu, koma sunalowe m'mutu.

Ndinakhala pansi pathanthwepo.

"Ndiye palibe munthu pakati?"

"Tisangoganiza. Tiyeni titsimikize. Chenjezolo silinama nthawi zonse. Pali mzere wautali wa zilembo ndi manambala, mwaukopera? Werengani pang'onopang'ono, ine ndikuyang'ana wa kuno."

Ndinawerenga. Zilembo zina zinali zazikulu, zina zazing'ono, ndipo ndinkayenera kunena chilichonse. Mphepo inkawomba pafoni. Penapake iwo anati, "Imani. Mwati ziro?" Ndinayang'anitsitsa zolemba zanga, osadziwa ngati ndinalemba ziro kapena chilembo chozungulira chija. Anandiuza kuti nditsike ndikaonenso. Ndinatsika phiri, ndinayang'ana pagalasi, ndinakweranso ndili wefuwefu. Chinali chilembo. Titafika kumapeto anati zonse zafanana, seva ndi yawo.

Anandilembetsa mawu oti ndikalembe pakawindo kakuda kaja kuti laputopu iiwale chizindikiro chakale n'kulandira chatsopano. Ndinatsikanso. Ndinalemba mosamala, inandifunsa ngati ndikuvomera, ndinavomera. Timizere tinayamba kuthamanga ndipo ndinatsala pang'ono kululutira. Kenaka tinaima. Panatuluka mzere umodzi waufupi: chilolezo chakanidwa.

Mantha aja anabwerera onse. Ndinaganiza kuti ku Lilongwe aona kena kake, adziwa za fulashi, anditsekera. Ulendo wachitatu wokwera phiri ndinayenda ngati ndikupita kukamva chigamulo.

Ndinamva katswiriyo akugogoda mabatani.

"Ndakuonani pano, mwagogodadi pakhomo la seva," anatero. "Vuto ndi kiyi wanu. Laputopu yanu imadzizindikiritsa ndi kiyi wobisika, koma pulogalamu yanu ndi yakale kwambiri, imasainira m'njira imene seva yatsopanoyi siikhulupiriranso. Njira imeneyo akuba anayamba kuidziwa, ndiye opanga anaitseka."

"Simungaitsegule, ngakhale lero lokha?"

"Ndingathe, koma ndikatsegulira inu ndiye kuti ndatsegulira aliyense. Abwana akana kale. Tiyese kuika pulogalamu yatsopano."

Tinayesa tsiku lonselo. Pulogalamuyo inkatsika pang'onopang'ono kudzera pafoni ya pawindo ija, ikafika pakati netiweki n'kuduka, n'kuyambiranso. Kachitatu mitambo inaphimba dzuwa, sola inafooka, laputopu inazima. Madzulo ndisanaweruke anandiuza kuti Loweruka adzakhala ku boma la Nkhata Bay chifukwa zipatala zina zitatu zili ndi vuto lomwelo. Ndibwere nayo.

Aphunzitsi anali atasiya fulashi ija kwa nesi, itakulungidwa m'pepala la m'kope. Sanalowe kudzandiona.

Inali nyengo ya mwera. Sitima inali itadutsa kale sabata imeneyo, choncho ndinakwera boti la matabwa la injini, lodzaza matumba a usipa ndi anthu. Laputopu ndinaikulunga m'majumbo atatu, kenaka m'chitenje, n'kuimangirira pamimba ngati mwana. Ine wa ku Dedza, madzi amene ndinakula nawo ndi a m'dambo. Titangotuluka pagombe lathu n'kuzungulira phiri loyamba, nyanja inasintha. Boti linkakwera n'kugwa ndi chiphokoso, madzi n'kumatikhuthukira m'maso. Bambo wina ankakapa madzi ndi chigubu chodula osapumira. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anayamba kupemphera mokweza m'Chitonga. Kumanja kunali matanthwe okhaokha otsetsereka mpaka m'madzi, popanda poti munthu n'kukocheza.

Zolemba za masabata awiri zinali zisanapite kulikonse. Ndinkaganiza kuti boti likagubuduzika zipita nane pansi. Ndinkaganizanso zoipa kuposa pamenepo, kuti ine ndimira koma chitenjecho chiyandama, wina n'kuchitola pagombe. Funde lina linatimenya cham'mbali, matumba anasuntha, injini inatsokomola n'kuzima. Kunangomveka madzi ndi kulira kwa khanda. Woyendetsa anakoka chingwe cha injini kanayi. Kachisanu inalira. Ndinasanza kunja kwa boti, dzanja limodzi litagwira thabwa, lina litagwira pamimba.

Tinafika masana. Katswiri uja ndinawapeza m'kachipinda kena atazunguliridwa ndi malaputopu akale ofanana ndi yathu. Anali bambo wamfupi wa magalasi, wosiyana ndi mmene ndinkawakumbukirira. Ndinamasula chitenje, majumbo anali atanyowa kunja kokha. Anaika pulogalamu yatsopano kuchokera pa fulashi yawo, anapanga kiyi wina, anaulembetsa ku seva, n'kundiuza kuti ndidine ndekha. Timizere tinathamanga mpaka kumapeto ndipo kawindo kanadzitseka. Zonsezo sizinathe theka la ola.

Ndinakhalabe pampando. Kenaka ndinatulutsa fulashi ija m'kapepala kake n'kuwauza zonse za Loweruka lapitalo, kupatula zomwe ndinanena kusukulu. Anavula magalasi.

"Achemwali, mukudziwa kuti pamenepa munthu amachotsedwa ntchito?"

"Ndikudziwa."

Anaunika fulashiyo pa kompyuta yawo. Munali nyimbo ndi mayeso a masamu a sitandade seveni. Anayang'ananso mu laputopu yathu momwe mumalembedwa nthawi imene zolemba za odwala zatsegulidwa. Loweruka lija sizinatsegulidwe n'komwe, ndipo anandikumbutsa kuti sizitseguka popanda pasiwedi yanga. Zimenezinso ndinkazidziwa kuyambira kale.

"Ndiye masiku onsewa munangokhala nazo nokha? Mukanauza aliyense ku ofesi Lolemba lomwelo, akanakuuzani kuti seva yasintha. Ngakhale mlonda ankadziwa."

Anati nkhani ya fulashi sakailemba, koma ndikawauze ndekha Adokotala. Adokotala anali konko ku boma, ndipo tinabwerera limodzi Lolemba nyanja itadekha. Ndinawauza tili pagombe podikira boti. Anandidzudzula ndithu, n'kunena kuti kuyambira tsopano laputopu izikhala yokhoma ndikangodzuka pampando. Uthenga wa seva uja anaupeza m'foni mwawo, wosatsegula. Nditawauza zomwe ndinalankhula kwa Aphunzitsi anangoti, "Ii."

Kwaya ndinaisiya. Miyezi iwiri ndinkapemphera mapemphero a m'mawa n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Munthu aliyense akandiyang'ana nthawi yaitaliko ndinkati wamva. Mkazi wa Aphunzitsi ankagulitsa ufa wa kondowole pamsika wathu waung'ono, ndipo ndinayamba kugula kwa mayi wina wa kumapeto, ngakhale ufa wake unali wowawasa. Ndikawaona Aphunzitsi akubwera m'njira ndinkapatukira m'chinangwa.

Tsiku lina tinakumana pakamlatho ka mitengo pomwe panalibe kopatukira. Anaima n'kundipatsa moni monga kale. Ndinayankha maso ali pansi. Ndinawapepesa kuti ndinawanamizira kuba.

"Zinandiwawa, Anesi, sindikubisirani," anatero. "Ine m'mudzi muno ndimasunga mayeso a ana a anthu, sanandinenepo zotero. Koma zinatha. Kukwaya, ku alito kwatsala anthu awiri okha, ndipo mmodzi amasochera. Lachisanu tikuyeserera."

Za zinazo sanatchule, tsikulo kapena tsiku lina lililonse. Lachisanu limenelo sindinapite, ndinapita lotsatira. Ndinaima kumbuyo.

Kumeneko ndinakhalako zaka ziwiri zina ndisanasamutsidwire ku Salima. Sindinamvepo munthu akunena za ine, ngakhale kuti nkhani za m'Chitonga zambiri zinkandidutsa. Ngati Aphunzitsi anauza akazi awo, sindikudziwa. Ndinabwerera kukagula ufa kwa akazi awo aja patapita nthawi. Anandifunsa kuti ndinathawira chiyani, ndinati ndinkangoyesa wa ena, iwo n'kuseka kuti wa enawo saviika chinangwa mokwanira.